Opaleshoni ya Timabowo pa Nyung'unyu: Phindu Lake ndi Malire Ake kwa Anthu a M'migodi ya ku Bindura

Tauni ya Bindura, imene ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe ndipo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 88 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, inakula chifukwa cha migodi ndi minda ikuluikulu ya m'chigwa cha Mazowe, ndipo ambiri mwa anthu amene anakumba migodiyo anachokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia, ena atalembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena atangodziyendera wapansi kudzera ku Tete. Ana ndi zidzukulu za matchona amenewo, amene mpaka lero amalankhula Chichewa m'makomboni ndi kutulutsa gule wamkulu pa maliro, ali m'gulu la amene atsikira mu mgodi wa nickel wa Trojan, mu mgodi wa Freda Rebecca umene unayamba kutulutsa golide mu 1988, ndi m'migodi ya ku Shamva. Ndipo pamene ntchito zolembedwa zachepa, ambiri alowa m'maenje odzikumbira okha monga a ku Kitsiyatota, kumene amadziwika ndi dzina lachishona lakuti makorokoza. Ntchito ya pansi pa nthaka ndi yonjuta, yogwada, yowerama, yosenza matumba a miyala ndi kukankha wilibala m'njira zopanikiza, ndipo mfundo imene imalandira kulemera konseku ndi nyung'unyu, pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi fupa la m'chiuno. Phunziro lino likukhudza njira ya makono yoyezera ndi kuchiza nyung'unyu yopweteka mwa akuluakulu, yotchedwa arthroscopy, imene dokotala sang'amba ntchafu koma amaboola timabowo tiwiri kapena titatu n'kulowetsamo kamera ndi zipangizo. Njirayi ndi yothandizadi, koma imathandiza matenda owerengeka ndiponso pa nthawi yake yokha, kotero kuti kwa munthu wa m'mgodi chachikulu ndi kudziwa msanga chimene chikupweteka.

Nyung'unyu inapangidwa ndi mbali ziwiri: mutu wobulungira wa fupa la ntchafu, ndi mphako yakuya ya fupa la m'chiuno imene mutuwo umakhalamo n'kumazungulira. Zonse ziwiri n'zokutidwa ndi chicherewecherewe choterera, chochindikala mamilimita ochepa chabe, chimene chilibe mitsempha ya magazi ndipo chikaperepeseka sichimeranso monga chimachitira chilonda cha pakhungu. M'mphepete mwa mphako muli mkombero wolimba koma wotamuka, wotchedwa labrum, umene umakulitsa mphakoyo ndi kutsekera madzi a m'mfundo kuti mafupa asakhulane, ndipo mfundo yonse inakulungidwa m'thumba la minyewa yolimba kwambiri. Munthu akamangoyenda wamba, nyung'unyu imasenza kulemera koposa thupi lake kawiri ndi theka kapena katatu, ndiye n'zosavuta kuona chimene chimachitika thumba la miyala likakhala paphewa kwa zaka makumi awiri.

Kuya ndi kuthina kwa mfundo imeneyi ndi kumene kunachedwetsa madokotala kuifikira ndi kamera. Kenji Takagi wa ku Tokyo anasuzumira m'bondo la mtembo mu 1918, ndipo wophunzira wake Masaki Watanabe anakonza chipangizo chimene chinapangitsa kuti opaleshoni ya timabowo pa bondo ifale dziko lonse. Koma Michael Burman wa ku New York, atayesa pa mitembo mu 1931, analemba kuti sanaone njira yolowetsera ngakhale singano pakati pa mutu wa fupa ndi mphako yake. Takagi yemweyo anasimba mu 1939 za odwala anayi amene anawasuzumira m'nyung'unyu, mmodzi mwa iwo wa chifuwa chachikulu cha m'mafupa ndipo wina wa mafinya, zimene zikusonyeza kuti njirayi inayambira pa matenda amene m'madera a migodi sanathebe. Njira inatseguka m'zaka za m'ma 1980, pamene Ejnar Eriksson wa ku Sweden ndi James Glick wa ku San Francisco anasonyeza kuti mwendo ukakokedwa ndi mphamvu yoyeza bwino, mfundo imatakasuka mokwanira kulowetsa chipangizo, ndipo pambuyo pake Richard Villar ku Cambridge ndi Thomas Byrd ku Nashville anaiphunzitsa kwa madokotala ambiri.

Pa opaleshoni yeniyeniyo wodwala amagonekedwa tulo, kapena kubayidwa jekeseni ya pamsana yochititsa dzanzi, ndipo amamugoneka chagada kapena cham'mbali pa bedi lapadera limene lili ndi jombo zomangira mapazi ndi mtengo wokutidwa ndi zofewa umene umatsamira m'mphechepeche. Mwendo wodwala umakokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu pakati pa 10 ndi 25 kufikira mutu wa fupa utatalikirana ndi mphako pafupifupi sentimita imodzi, ndipo dokotala amaona zimenezi pa makina a X-ray oyendayenda amene amajambula opaleshoni ili mkati. Singano yaitali imalowa poyamba kuti ichotse kukanirira kwa mfundo, kenako waya wowonda, kenako kachubu kachitsulo, ndipo m'kachubumo ndi mmene mumadutsa kamera yonenepa ngati pensulo yowonda, imene diso lake linapendekeka kuti lione mozungulira fupa lobulungira. Madzi amchere amapopedwera m'mfundo nthawi yonseyo kuti itukumuke ndiponso kuti magazi asaphimbe diso la kamera. Pa sikirini chicherewecherewe chabwino chimaoneka choyera mbuu ndi chosalala, chodwala chimaoneka chonyenyeka ndi chaulusiulusi, ndipo mkombero wong'ambika umagwedezeka m'madzimo dokotala akaukhudza ndi kambedza kake. Kudzera pa bowo lachiwiri iye angathe kusoka mkomberowo ndi kuumangirira ku fupa pa timisomali tokhala ndi ulusi, kupala fupa lotumphuka, kutola tizidutswa tosweka, kutsuka mafinya, kapena kudula kamnofu kokayeza. Kukoka mwendo sikuyenera kupitirira maola awiri, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Nthenda imene inatchukitsa opaleshoni imeneyi inafotokozedwa bwino mu 2003 ndi Reinhold Ganz ndi anzake a ku Bern, ku Switzerland, ndipo dzina lake ndi femoroacetabular impingement, kutanthauza kugundana kwa fupa la ntchafu ndi mlomo wa mphako munthu akapinda mwendo. Mtundu wake woyamba, wotchedwa cam, umabwera pamene mutu wa fupa suli wobulungira bwino koma uli ndi chotumphuka pakhosi pake, ndipo umachita ngati munsi wa mutu wokhota umene nthawi iliyonse yosinja umakhula mlomo wa mtondo mbali imodzi mpaka kuugumula. Chotumphukachi chimapezeka kwambiri mwa amuna ndipo chimamera pa unyamata, mafupa asanamalize kukula, makamaka mwa anyamata osewera mpira mwakhama. Mtundu wachiwiri, wotchedwa pincer, umabwera pamene mphako ndi yakuya mopitirira kapena inapendeka, kotero kuti mlomo wake umatsina mkombero. Wodwala amamva ululu m'mphechepeche akakhala nthawi yaitali pa mpando wotsika, akanjuta, akamakwera makwerero, kapena akamawerama kuti avale gambuti. Ndipo akafunsidwa pamene pakupweteka saloza ndi chala, koma amagwira m'mbali mwa chiuno ndi dzanja lonse, chala chachikulu kumbuyo, zinazo kutsogolo, n'kunena kuti zili mkati. Akatswiri atakumana ku Warwick, ku England, mu 2016, anagwirizana kuti munthu asatchedwe wodwala nthendayi pokhapokha zinthu zitatu zitapezeka pamodzi, ululu umene akumva, zizindikiro zimene woyeza wapeza popinda mwendo, ndi zimene chithunzi chaonetsa. Mgwirizano umenewu ndi wofunika kwambiri, chifukwa anthu ambiri ali ndi fupa lotumphuka chotero koma samva kupweteka kulikonse, ndipo kuwachita opaleshoni chifukwa cha chithunzi chokha n'kuwalakwira.

Umboni wa phindu la opaleshoniyi ulipo, koma ndi wofunika kuumva monga ulili. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa FASHIoN, wotsogoleredwa ndi Damian Griffin ndi wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2018, anagawa odwala 348 m'magulu awiri, ena kuchitidwa opaleshoni ya timabowo, ena kupatsidwa mafizo olongosoka olimbitsa minofu ya m'chiuno. Patatha chaka magulu onse awiri anali atapezako bwino, koma a opaleshoni anaposa anzawo ndi mapointi 6.8 pa muyeso wa mapointi 100. Kafukufuku wina wa ku Oxford, wa odwala 222, anatuluka mu 2019 ndi zotsatira zolozanso mbali yomweyo. Kusiyana kumeneku n'koona ndithu, koma si kwakukulu, ndipo phunziro lake kwa chipatala cha m'dera ngati la Bindura n'lakuti mafizo ochitidwa mwadongosolo kwa miyezi ingapo ndi mankhwala enieni, osati chongotonthoza wosauka amene alibe ndalama za opaleshoni. Komanso odwala a m'kafukufukuyu anali achinyamata ndi azaka zapakati amene mfundo zawo zinali zisanathe.

Apa ndi pamene pali malire oyamba. Chicherewecherewe chikaperepeseka kufikira mpata wa pakati pa mafupa utachepera mamilimita awiri pa chithunzi cha X-ray, nthenda yasanduka nyamakazi ya kutha kwa mfundo, ndipo opaleshoni ya timabowo siingabweze chimene chatha. Ambiri ochitidwa opaleshoniyi pa msinkhu umenewu amadzafunikabe nyung'unyu yachitsulo pasanapite zaka zambiri, atataya ndalama kawiri. Chithandizo cha mfundo yotheratu ndi kuika yopanga, njira imene John Charnley anaikhazikitsa ku Wrightington mu 1962. Wina amene mphako yake ndi yosaya chibadwire sathandizidwanso ndi kupala fupa, ndipo kumupala kungawonjezere kugwedera kwa mfundo. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu wa ntchito yakalavulagaga safulumira kupita ku chipatala: amati ndi kutopa, amati ndi nyamakazi ya ukalamba ngakhale ali ndi zaka 35, amagula brufen kapena diclofenac pa golosale, amatemera mphini pachiuno, ndipo amakafika kwa dokotala atayamba kutsimphina, mwendo utafupika, nthawi imene kamera ikanathandiza itadutsa kale.

Malire achiwiri ndi ofunika koposa, chifukwa m'dera la migodi ululu wa nyung'unyu uli ndi magwero ena oopsa amene mabuku olembedwera osewera mpira a ku Ulaya sawaika patsogolo. Loyamba ndi chifuwa chachikulu. Fumbi la mwala limene limatuluka pobowola ndi pophulitsa limawononga mapapo ndi kuchulukitsa pafupifupi katatu mpata wodwala TB, ndipo HIV imauchulukitsanso, n'chifukwa chake atsogoleri a mayiko a SADC anasainira chikalata cha TB ya m'migodi ku Maputo mu 2012. Kachilombo kakachoka m'mapapo n'kupita m'mafupa, kawirikawiri kamakhazikika mu msana, ndipo nyung'unyu ili m'gulu la mfundo zimene zimatsatira. Nthendayi imayenda pang'onopang'ono, ndi ululu wodzidzimutsa usiku, kuwonda, thukuta la usiku ndi kufota kwa ntchafu, ndipo wodwala angakhale wosatsokomola n'komwe. Mankhwala ake ndi omwewo a TB, amene m'zipatala za boma ku Zimbabwe ndi ku Malawi amaperekedwa mwaulere, ndipo akayambidwa msanga mfundo imapulumuka. Gwero lachiwiri ndi kufa kwa mutu wa fupa chifukwa chosowa magazi, kumene madokotala amakutcha avascular necrosis, kumene kumayenderana ndi kumwa mowa kwambiri, kumwa mankhwala a mtundu wa prednisolone kwa nthawi yaitali, HIV, nthenda ya sickle cell, ndi kuguluka kapena kuthyoka kwa nyung'unyu pa ngozi. Kumagwira anthu a zaka zapakati, kawirikawiri miyendo yonse iwiri, ndipo poyamba chithunzi cha X-ray chimaoneka chabwinobwino pamene makina a MRI akanaonetsa kale fupa lakufalo. Kaundula wa maopaleshoni oika mfundo zopanga amene anayambitsidwa ku Malawi mu 2005, pogwiritsa ntchito kwambiri odwala a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, anaonetsa m'lipoti lake loyamba kuti kufa kwa fupa kumeneku ndiko kunkatsogola pa zifukwa zoikira nyung'unyu yopanga, pamene ku Ulaya chimatsogola ndi nyamakazi ya ukalamba. Kamera siidzutsa fupa lakufa. Chimene chingathandize mutu usanaphwanyike ndi kuuboola kuti magazi apeze njira, ndipo ukaphwanyika chotsala ndi mfundo yopanga.

Komabe pakati pa matenda omwewa ndi pamene opaleshoni ya timabowo ingakhale ndi ntchito yaikulu kwa anthu a m'migodi, ngakhale si ntchito imene imatchuka. Pamene TB ya m'mfundo ikukayikiridwa koma makhololo ndi zithunzi sizikutsimikiza, kamera imalola kudula kamnofu ka mkati mwa thumba la mfundo pamalo penipeni podwala, kuti kakayezedwe pa maikulosikopu ndi pa makina a GeneXpert, wodwala osang'ambidwa ntchafu. Pamene mafinya adzaza m'mfundo, munthu atatentha thupi ndipo sakutha kuponda pansi, kutsuka n'kofunika tsiku lomwelo chifukwa mafinya amadya chicherewecherewe m'masiku ochepa. Ndipo ngati kamera palibe, dokotala asadikire, atsegule ndi mpeni, pakuti chofunika ndi changu. Pamene mwala wagumukira munthu m'dzenje kapena galimoto yachita ngozi, nyung'unyu n'kuguluka, iyenera kubwezedwa m'malo mwake asanathe maola asanu ndi limodzi kuti mutu wa fupa usafe, ndipo tizidutswa ta fupa totsalira m'mfundo pambuyo pake timatoledwa bwino kwambiri ndi njira ya timabowo.

Kuyeza kwabwino kumayamba ndi zinthu zosafuna ndalama zambiri. Woyeza amafunsa za ntchito, za ngozi zakale, za mowa, za mankhwala ndi za kutsokomola. Amamuona wodwala akuyenda. Amamugoneka chagada n'kupinda mwendo kufika pa ngodya, kuukankhira mkati ndi kuupotoza, ndipo ululu wobaya m'mphechepeche umaloza ku mfundo. Ayenera kukumbukira kuti nyung'unyu yodwala nthawi zina imamvekera pa bondo, ndiponso kuti ululu wa m'thako wotsikira kumapazi kawirikawiri umachokera ku msana, pamene chotupa cha m'mphechepeche chotuluka potsokomola ndi hernia, imene ndi yofala mwa onyamula zolemera. Kenako pafunika chithunzi cha X-ray cha chiuno chonse chooneka miyendo yonse iwiri, ndi china cham'mbali, pamodzi ndi kuyeza magazi, HIV ndi TB. Pakatsala chikayiko, jekeseni ya dzanzi yobayidwa m'mfundo momwemo imayankha funso, chifukwa ululu ukaleka kwa maola angapo ndiye kuti gwero lake lili mkatimo. MRI imabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo makina ake ambiri, pamodzi ndi madokotala a mafupa ambiri a ku Zimbabwe, ali ku Harare ndi ku Bulawayo, kotero kuti wodwala wa pa chipatala cha chigawo ku Bindura, kapena wa pa zipatala za Karanda ndi Howard, amatumizidwa ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe ku Harare.

Opaleshoni ya timabowo si yopanda zovuta chifukwa chakuti zipsera zake n'zazing'ono. Kukoka mwendo ndi kutsamira kwa mtengo uja kungachititse dzanzi m'mphechepeche, kumaliseche kapena kuphazi, limene kawirikawiri limatha pa masiku kapena masabata. Mtsempha wa kunja kwa ntchafu ungakhudzidwe pobowola. Fupa lingamere m'minofu. Ndipo dokotala akapala mopitirira, khosi la fupa lingathyoke kapena mfundo kugwedera. Zovuta zazikulu zimagwera wodwala wosakwana mmodzi mwa 100 m'manja mwa odziwa, koma luso lake ndi lovuta kuposa la bondo, ndipo dokotala amafunika maopaleshoni makumi angapo asanalizolowere. Pambuyo pake wodwala amayendera ndodo masabata awiri mpaka anayi, amachita mafizo kwa miyezi, ndipo ntchito yonjuta ndi yonyamula sabwererako isanathe miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Kwa wolembedwa ntchito amene ali ndi inshuwalansi ya zachipatala ndi tchuthi cholipidwa, zimenezi n'zotheka. Kwa wokumba yekha amene banja lake limadya zimene watulutsa sabata imeneyo, miyezi imeneyi ndi mtengo woposa wa opaleshoni, ndipo amene abwerera kudzenje msanga amadula ulusi umene dokotala anasoka. Chitetezo cha wolembedwa ntchito nachonso sichokhalitsa, monga anaonera a ku Trojan pamene mgodi unaima mu 2008.

Malamulo a Zimbabwe amafuna kuti wogwira ntchito m'fumbi azijambulidwa pachifuwa nthawi ndi nthawi kuti alandire chiphaso chomulola kupitiriza, pansi pa bungwe la NSSA, ndipo dongosolo limeneli ndi labwino. Tsiku lomwelo la kuyeza mapapo lingakhale tsiku lofunsa za chiuno ndi kupinda mwendo, ntchito ya mphindi zochepa yosafuna makina alionse, ndipo oyang'anira zipatala za m'migodi akanachita bwino kuiphatikizapo. Pa ndalama zochepa zimene chigawo chili nazo, makina a X-ray osawonongeka, wa mafizo wokhazikika, ndi anamwino ndi madokotala othandizira ophunzitsidwa kuyeza nyung'unyu ziyenera kubwera patsogolo pa kamera. Dziko la Malawi linasonyeza kuyambira 1985 kuti madokotala othandizira a mafupa, ophunzitsidwa mwapadera, angasenze gawo lalikulu la ntchito imeneyi m'zipatala za m'maboma. Kamera ndi bedi lake zikhale pa chipatala chachikulu chimodzi kapena ziwiri kumene dokotala angachite maopaleshoni okwanira kusunga luso lake, ndipo njira yotumizira odwala kumeneko ikhale yotseguka kwa makorokoza ndi akazi osenza ndi kusinja miyala, monga ilili kwa olembedwa ntchito.

Aliyense wa m'makomboni a Bindura amene ululu wa m'mphechepeche wamukhalitsa kupitirira masabata asanu ndi limodzi, kapena ukumudzutsa usiku, kapena wayamba kulephera kuvala nsapato, apite ku chipatala akadali kuyenda bwino, akapemphe kujambulidwa chiuno chonse ndi kuyezedwa TB ndi HIV, ndipo asamwe prednisolone popanda dokotala kumulembera. Amene watentha thupi ndipo mwendo ukukanika kuponda pansi asagone kunyumba usiku umenewo.